Chihausa ndi Chikoreya: Njira Ziwiri Zopezera Malemba

Munthu wotchera khutu pa Msika wa Lilongwe amamva zinenero zambiri tsiku limodzi: Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chiswahili ndi zina. Mzindawu unayamba ngati boma laling'ono m'chaka cha 1904, ndipo kuyambira pamene unakhala likulu la dziko mu 1975 alendo akhala akuchuluka. Pakati pawo pali amalonda a ku Nigeria, dziko limene anthu ake a kumpoto amayankhula Chihausa. Palinso anthu a ku Korea, amene anatsegula chipatala cha Daeyang Luke mu mzinda uno mu 2008. Tiyeni tione zinenero za maiko awiriwa, pakuti mbiri yake ili ndi phunziro kwa ife amene tikuphunzira kuwerenga titakula kale.

Kusiyana kwake

Chihausa ndi Chikoreya si pachibale ngakhale pang'ono. Msika Mhausa amati kasuwa, Mkoreya amati sijang. Madzi uyu amati ruwa, uyo amati mul. Ife timati, "Mwana akudya nsima," ndipo Mhausa amayala mawu ake momwemonso. Koma Mkoreya amasunga mneni mpaka kumapeto, monga ngati atati, "Mwana nsima akudya."

Chihausa chimafanana ndi chathu pa kukweza ndi kutsitsa liwu. Tonse tikudziwa kuti mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi, koma khutu limasiyanitsa. Momwemonso kwa Ahausa. Chikoreya cha ku Seoul chilibe zimenezi, koma chimafanana nafe pa ulemu. Monga ife sitinena "iwe" kwa apongozi, iwonso amasintha mathero a mneni poyankhula ndi wamkulu, ndipo chakudya chimene amachitcha bap, chikakhala cha agogo amati jinji. Mhausa yekha ali ndi chinthu chimene tonse tilibe: "iwe" wa mwamuna ndi kai, wa mkazi ndi ke.

Ahausa anabwereka malemba

Chihausa chinakula ndi malonda. Mzinda wa Kano unali ndi msika waukulu wa Kurmi kuyambira masiku a mfumu Muhammad Rumfa, amene analamulira kuyambira 1463 mpaka 1499. Amalonda odutsa chipululu cha Sahara pa ngamira anadza ndi mchere, nsalu ndi mabuku a Chiarabu. Pambuyo pake aphunzitsi a Chisilamu anayamba kulemba chinenero chawo ndi malemba a Chiarabu, kalembedwe kotchedwa ajami. Mayi wina wophunzira, Nana Asma'u, mwana wa Usman dan Fodio, analemba ndakatulo m'Chihausa ndi kutuma akazi anzake kuti akaphunzitse nazo akazi a m'midzi.

Angerezi atalanda dzikolo anakhazikitsa malemba a Chiroma, omwe ife tikuwerengawa, ndipo Ahausa anawatcha boko. Popeza malembawo sanakwane, anawonjezapo ena okhala ndi kangowe pamwamba, monga ɓ, ɗ ndi ƙ. Mu 1939 ku Zaria kunayamba nyuzipepala yotchedwa Gaskiya Ta Fi Kwabo, ndiye kuti choonadi chiposa kobiri, ndipo mkonzi wake wodziwika anali Abubakar Imam. Motero Ahausa anabwereka kawiri, koma khasu lobwerekalo analikonza kuti liyenere m'manja mwawo.

Akoreya anasula awoawo

Ku Korea zinali zina. Kwa zaka mazana ambiri anthu ankalemba ndi zizindikiro za ku China, zimene zili zikwi zambiri. Ana a anthu olemera okha ndiwo anali ndi nthawi yoziphunzira. Mlimi wokhala ndi dandaulo sankatha kulilemba. Mfumu Sejong inamva chisoni ndi zimenezi, ndipo mu 1443 inapanga malemba 28, amene inawalengeza mu 1446. Maonekedwe a ena mwa malembawo amatsanzira lilime, mano kapena milomo ya munthu potchula liwulo. Lero amagwiritsa ntchito malemba 24, ndipo dzina lake ndi Hangul.

Koma musaganize kuti onse anakondwa. Mu 1444 nduna ina, Choe Manri, inalembera mfumu kutsutsa malemba atsopanowo. Anthu ophunzira anawanyoza kuti ndi a akazi ndi anthu wamba. Akaziwo ndi anthu wambawo ndiwo anawasunga, polemberana makalata ndi kuwerenga nthano, mpaka boma linawalola m'makalata ake mu 1894. Pamene dziko la Japan linalamulira Korea, kuyambira 1910 mpaka 1945, chinenerocho chinaponderezedwa m'sukulu, ndipo mu 1942 akatswiri amene ankalemba buku lomasulira mawu a Chikoreya anamangidwa. Lero ku South Korea amakumbukira malemba awo pa 9 Okutobala chaka ndi chaka.

Nanga ife?

Ife tinayenda njira ya Ahausa. Mwa mabuku oyamba osonkhanitsa mawu a chinenero chathu pali limene linalembedwa kutali, pafupi ndi Mombasa. Kumeneko mmishonale Johannes Rebmann anakumana ndi Salimini, munthu wa kuno ku chigawo cha pakati amene anagwidwa ukapolo. Salimini anatchula mawu, Rebmann nalemba, ndipo bukulo linasindikizidwa mu 1877. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo mu 1968 Chichewa chinakhala chinenero cha dziko. Njira ya Akoreya nayonso inayesedwa kwathu kuno: Nolence Mwangwego anayamba kupanga malemba akeake mu 1979, nawaonetsa kwa anthu mu 1997, ngakhale kuti sanafalikire m'sukulu.

Tsono phunziro nali. Malemba obwereka ndi malemba osula wekha onse amagwira ntchito. Chimene chimawapatsa moyo ndi anthu wamba owalemba tsiku ndi tsiku. Mphatso ya mfumu Sejong ikanafa akazi a ku Korea akanapanda kulemba makalata. Choncho inu amene mwayamba kugwira pensulo imvi zitamera, musachite manyazi ndi zilembo zokhota. Lembani dzina lanu, lembani ngongole za malonda anu, lemberani mwana wanu amene ali ku Joni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinenero chimene eni ake amachilemba sichitayika, ndipo munthu wodziwerengera yekha kalata saponda chala pa chinthu chimene sakuchidziwa.