Hard disk ya kompyuta ya padesiki: liwiro ndi kulimba kwake ku Petauke ndi Nyimba

Hard disk ndi chipangizo chimene chimasunga zonse za m'kompyuta ngakhale magetsi atazima. M'kati mwake muli timbale tamaginito tozunguzidwa ndi kamota, ndipo pamwamba pake pamayandama kamutu kolemba ndi kuwerenga. Kamutuko sikakhudza mbale, koma mpata wake ndi wochepa zedi moti ngakhale kafumbi sikangadutsepo. Ya padesiki imakhala ya mainchesi 3.5, ya laputopu 2.5. Hard disk yoyamba padziko lonse inatulutsidwa ndi IBM mu 1956, ili ndi mbale 50 zozungulira ka 1,200 pa mphindi. Lero opanga akuluakulu atsala atatu: Seagate, Western Digital ndi Toshiba.

Liwiro amalilemba ndi zilembo za rpm, kusonyeza kuti mbale izungulira kangati pa mphindi. Zofala ndi ziwiri: 5,400, kumene kuli kuzungulira ka 90 pa sekondi, ndi 7,200, ka 120 pa sekondi. Seagate inafika pa 7,200 mu 1992 ndi mtundu wa Barracuda, ndipo mu 2003 Western Digital inatulutsa Raptor ya 10,000. Yothamanga imatsegula mafayilo msanga, koma imadya magetsi ambiri, imatentha komanso imasokosera.

Pa kulimba, rpm sitiuza zambiri. Mu 2007 akatswiri a Google anafufuza ma hard disk oposa 100,000. Anapeza kuti kutentha pang'ono ndi kugwira ntchito kwambiri sizinali kuwapha monga anthu ankaganizira, koma hard disk imene yasonyeza kale malo owonongeka pa mbale inali pangozi yaikulu yofa m'masiku 60 otsatira. Tisaiwale kuti makinawo ankakhala m'zipinda zozizira, magetsi osazima.

Ku Petauke ndi Nyimba, maboma a Chigawo cha Kum'mawa amene ali m'mbali mwa msewu wa Great East, zinthu sizili choncho. Makompyuta apadesiki amapezeka m'masukulu, kumene phunziro la kompyuta linalowa m'mayeso a Giredi 9 mu 2015, m'zipatala zosunga mbiri ya odwala pa SmartCare, ndi m'timashopu totaipa makalata ndi kuika nyimbo m'mafoni. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku. Magetsi akathima hard disk ili pakati polemba, fayilo ingathe kuwonongeka. Akabwerera ndi mphamvu yopyola, kabolodi ka pansi pa hard disk kangathe kupsa. Onjezani kutentha kwa Okutobala ku Nyimba, kufupi ndi chigwa cha Luangwa, m'kashopu ka malata, fani yatsekeka ndi fumbi: hard disk zambiri anazipangira kutentha kosapitirira madigiri 60 pamene zikugwira ntchito. Kugwedeza tebulo mbale zikuzungulira nakonso n'koopsa, chifukwa kamutu kakagunda mbale kamaikala.

Makompyuta ogwirapo kale ntchito ochokera ku Lusaka ndi otchipa, koma hard disk yake ikhoza kukhala itatopa. Pafupifupi iliyonse ili ndi kaundula wotchedwa S.M.A.R.T. amene amasonyeza maola amene yazungulira ndi malo owonongeka. Wogula wanzeru amapempha kuona manambala amenewa asanafunse za rpm.

Kwa ofesi ya sukulu kapena shopu yosunga nyimbo ndi mafilimu, 5,400 ndi yokwana. Wofuna liwiro agule SSD, chosungira mafayilo chimene chilibe chozungulira, aikepo mapulogalamu. Ndalama yotsala ipite ku UPS, yopatsa mpata wozimitsa kompyuta bwinobwino magetsi akathima, ndi ku hard disk ina yokoperapo mafayilo. Yanu ikayamba kumveka kugogoda m'kati, koperani zofunika zonse tsiku lomwelo.