Zilonda zogonera pa nthawi ya opaleshoni

Izi ndi zilonda zobwera khungu likapanikizika nthawi yaitali pakati pa fupa ndi pogona, magazi n'kulephera kufikapo. Munthu ali m'tulo amadzitembenuza yekha osadziwa, koma wobayidwa mankhwala ogonetsa kapena ochititsa dzanzi samva kuwawa ndipo sasuntha. Chiopsezo chimakula opaleshoni ikapitirira maola 3, makamaka kwa okalamba, oonda kwambiri ndi odwala shuga.

Wogona chagada amavulala pazidendene, pankhongo, pazigongono ndi pafupa la m'munsi mwa msana. N'chifukwa chake anamwino a kufiyeta amaona khungu opaleshoni isanayambe ndiponso ikatha, amayala zofewa pamalo amenewa, ndipo amaika pilo pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Nsalu yoyala ikhale youma, yosakwinyika. Mankhwala otsukira khungu asadikhe pansi pa wodwala. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama, zimangofuna maso.

Chovuta n'chakuti chilonda chingaonekere patapita masiku 2 kapena 3, wodwala atabwerera kale kuwodi. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho pamafunika kukhudza: malo otentha, olimba kapena odera kuposa pena ndiwo chizindikiro, ndipo sayenera kusisitidwa.

 Achibale odikirira wodwala afunse namwino za kumutembenuza maola 2 alionse, ngakhale mayi wochitidwa opaleshoni yobereketsa, poti miyendo yake imakhala yadzanzi kwa maola angapo.