Chikho ndi chipanda: mbiri ya Mua

Minibasi ikakutsitsani pa msewu wa M5, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, a kabaza amakhala atakuonani kale. "Ku mishoni, bambo?" Safunsa kawiri. Kamsewu kake nkakafupi, kokwera pang'onopang'ono kulunjika m'tsinde mwa mapiri a Dedza. Malambe ali uku ndi uku, mbuzi zagona pamthunzi, ndipo phokoso la msewu waukulu limatha musanafike n'komwe. Pa Mua pali zii. Chomveka ndi madzi a mtsinje wa Nadzipokwe akugwa pamiyala, ndi kugogoda kwa sompho wa amisiri osema.

Ndinafika mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nditakhala pakhonde la nyumba yakale ya ansembe, ya njerwa zofiira, maganizo anandithawira ku chinthu chaching'ono: kabotolo ka vinyo kamene mnyamata wotumikira amanyamula pa Misa. Chigwa chino cha Bwanje chilibe minda ya mpesa. Kuno n'kwa chimanga, mpunga, thonje ndi mango. Koma kwa zaka zoposa 120 vinyo wakhala akufika pano osaphonya, chifukwa lamulo la Mpingo wa Katolika silinyengerera: vinyo wa paguwa akhale wa mphesa basi. Thobwa ayi, masese ayi.

Amene anabwera ndi chikho cha Misa ndi a White Fathers, chipani chimene Kadinala Charles Lavigerie anayambitsa ku Algiers m'chaka cha 1868. Ambiri mwa oyambawo anali Afalansa, ndipo za mpesa ankazidziwa. Ku Thibar, m'dziko la Tunisia, chipanichi chinali ndi munda waukulu wa mpesa, ndipo chakumwa chotchedwa Thibarine chinatchukira komweko. Ulendo wawo woyamba kuno kwathu sunayende bwino. Mu 1889 anakhazikika kwa Mponda, ku Mangochi, koma pofika 1891 anali atalongedza, osabatiza anthu omveka. Anabweranso mu 1902, nthawi ya Bishopu Joseph Dupont, uja Abemba anamutcha Motomoto, ndipo pa 13 Sepitembala chaka chimenecho anakhoma hema pa Mua.

Malowa sanali opanda eni. Munali Achewa ndi midzi yawo, Ayao cha kunyanja, komanso Angoni a Kachindamoto amene anali atangotsikira kuchigwa atakangana ndi abale awo a kwa Gomani. Katundu wa azungu masiku amenewo ankalowera pa Chinde, n'kukwera Zambezi ndi Shire pa sitima zapamadzi, kwinako n'kumalizira pamitu pa amtengatenga. Njanji yodutsa pa Golomoti ndi Mtakataka inadzafika ku Salima mu 1935. Tangoganizani munthu akutuluka thukuta m'chigwa chotentha ichi, bokosi lili pamutu, osadziwa kuti wasenza chakumwa chimene iye sadzalawako.

Chifukwa chakumwa chake anali nacho kale. Kwa Mchewa mowa si wongosangalalira. Mayi amaviika chimanga kapena mawere kuti apeze chimera, n'kuphika phala, n'kulisiya m'mbiya masiku angapo mpaka litawira lokha. Mowa umenewo ndiwo ankathira patsinde pa mtengo popempha mvula. Ndiwo ankaitanira anthu ku dima. Ndiwonso ankafulula pokumbukira malemu, ndipo pamene pali mowa wa maliro, gule sakhala patali. Choncho m'mudzi umodzi munapezeka nsembe ziwiri. Ina ya m'chikho, yomwa wansembe yekha atafulatira anthu, akulankhula Chilatini. Ina ya m'chipanda choyenda dzanja ndi dzanja, dontho loyamba n'kupita pansi kwa makolo.

Mkangano sunachedwe. Ansembe anatsegula sukulu m'midzi, akuluakulu a dambwe n'kuona kuti ana akuwathawa. Iwonso anayamba kulowetsa anyamata ku gule akadali aang'ono, kuti mphunzitsi akafika apeze mabenchi okhaokha. Mkhristu wopezeka kubwalo ankaimitsidwa masakramenti. Pamaliro ndiye pankavuta zedi: mbali ina ikufuna mtanda ndi nyimbo, ina ikufuna kasiyamaliro. M'zaka za m'ma 1920 amishoni anadandaula kangapo ku boma la atsamunda kuti nyau ziletsedwe, koma gule sanafe. Wolemba mbiri Ian Linden anafotokoza nkhondo yozizirayi m'buku lake la 1974, Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland. Ndipo Achewa anabwezera mwa njira yawoyawo, yoseketsa koma yoluma: kubwalo kunatulukira Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya wodzikongoletsa. Mayina a m'tchalitchi anavala nsanza n'kukavina pafumbi.

Si kuti zonse zinali ndewu. Masisitere anayambitsa chipatala. Mu 1927 panatsegulidwa malo osamalira odwala khate, m'nthawi imene wakhate ankamangiridwa kakhumbi kunja kwa mudzi. Pambuyo pake panabwera sukulu ya ana osamva. Kutentha ndi malungo zinkawagwetsa ansembewo, n'chifukwa chake mu 1910 anatsegula Bembeke pamwamba pa phiri, kozizira, kokapumirako. Mmodzi amene anthu sanamuiwale ndi Bambo Jean-Baptiste Champmartin. Lilime la kuno linalephera dzinalo, n'kulipinda kukhala Chamare.

Zinthu zinatembenuka utatha msonkhano waukulu wa Vatican II, wa 1962 mpaka 1965. Misa inalowa m'Chichewa, ng'oma zimene kale zinkatchedwa zachikunja zinalowa m'tchalitchi. Mu 1967 ku Malawi kuno kunafika wansembe wachinyamata wa ku Canada, Claude Boucher, amene anadzalandira mfunda wa Chisale. Mu 1976 anayambitsa KuNgoni Centre of Culture and Art pa Mua pomwepa, poyamba ngati pophunzitsira osema. Zosema zawo zafika kutali; kachisi wa bungwe la Missio ku Munich anakongoletsedwa ndi manja a amisiri a pano.

Koma chimene chimaimitsa mlendo mutu ndi Chamare Museum. Makoma ake akunja ajambulidwa mbiri ya dziko lino. Mukalowa, chipinda china chikukamba za mishoni, china za Angoni ndi Ayao, ndiye pali chipinda cha gule. Nkhope mazanamazana zapachikidwa kuyambira pansi mpaka kudenga, za nthenga, za mano otuluka, zina zosekerera mokayikitsa. Wotiperekeza anatichenjeza tisanalowe: "Foni m'thumba, muno sitijambula." Mayi wina amene tinali naye anaima pakhomo, n'kufunda chitenje kumutu. "Ine iyayi, achimwene, ndidikira panja. Kwathu izi sitiziona chonchi." Palibe anamuseka. Ineyo ndinalowa, komabe funso lake linanditsatira: chilombo chikachoka kudambwe n'kukhomedwa pakhoma, chikadali chilombo? Alipo akuluakulu amene nkhaniyi imawawawa mpaka lero. Alipo enanso amene amati pakanapanda nyumbayi, zambiri zikanadyedwa ndi chiswe. Mbali zonse ndimazimva, ngakhale mtima wanga umapendekera kwa achiwiriwa, makamaka ndikakumbukira kuti mishoni yomweyi inkafuna gule atheretu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse a padziko.

Nanga mpesa? Kwina amishoni anaubzala n'kuphula kanthu. Vinyo wa ku Dodoma, ku Tanzania, anayambira m'minda ya mishoni. Kuno kwathu vinyo wodziwika ndi wa Linga wa ku Lilongwe, wopangidwa ndi zipatso monga jambula, gwafa ndi chidede. Bwanje anasankha zake. Madzi a mtsinje wa Namikokwe anapatutsidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, n'kuthirira mahekitala 800 a mpunga. Pa Golomoti, dzuwa lomwe lija linkadwalitsa ansembe likukololedwa: kuyambira 2022 pali malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20.

Lamulungu m'mawa ndinakhala kumbuyo m'tchalitchi. Mnyamata wotumikira anabwera ndi timabotolo tiwiri, wansembe n'kuthira vinyo wosakwana n'theka la kapu, n'kudonthezamo madzi. Ng'oma zinagunda, amayi n'kululutira. Madzulo ake, ndikutsikira kumsewu, ndinadutsa pakhomo pena pamene mayi wachikulire ankasefa mowa, manja ali mbuu ndi masese, migolo iwiri itafunditsidwa masaka.

"Wa malonda, agogo?"

"Iyayi, mwanangu. Tikumanga chiliza cha malemu achimwene Loweruka. Mubwere, kukhala gule."

M'khosi mwake munali kolona.