Ilala, Enterprise ndi bambo ake a William

Anzanga, mukamadikira Ilala pa jeti paja, mumadziwa kuti dzinali ndi lakale kuposa sitimayo? Ilala yoyamba inabwera ndi amishoni a Livingstonia mu 1875. Imene timakwerayi inayamba ntchito mu 1951. Sitima ndi ina, dzina ndi lomwelo.

Ku Star Trek zilinso choncho. Seweroli litayamba pa TV mu 1966, chombo chake Enterprise, chojambulidwa ndi Matt Jefferies, chinali ndi mbale yaikulu kutsogolo ndi mainjini awiri aatali kumbuyo. Mu filimu ya 1984 chinaphulika, koma mu 1986 kunabwera china, NCC-1701-A. Mbale ndi mainjini osasintha, kuti ukangochiona uchizindikire. Ena mwa inu mumati kumeneko n'kusowa nzeru zatsopano. Ine ndikukana: chombo chikasinthiratu, woonera amakhala mlendo kwawo komwe.

Ochita sewero okha ndiye sakhazikika. Zoe Saldana anali mu Star Trek ndi Avatar chaka chimodzi, 2009. Koma wondisangalatsa ine ndi Chiwetel Ejiofor. Mu Serenity (2005) ankasaka chombo mopanda chisoni. Mu The Martian (2015) anali mmodzi mwa mabwana a NASA. Kenako mu 2019 timuone ku Kasungu, ali Trywell Kamkwamba, bambo ake a William, mu The Boy Who Harnessed the Wind, filimu imene anaiwongolera yekha. Chichewa chake chinkapotoka, inde, tinaseka ndithu. Komatu anachiphunzira ali wamkulu kale.