Mwambo Wouzana Zowerenga Pakati pa Okonda Nkhani Zopeka za Sayansi ndi Zamatsenga

Mwambo wouzana buku limene munthu akuwerenga, n'kuliyamikira kapena kulidzudzula pamaso pa anzake, unazika mizu kwambiri pakati pa okonda nkhani zopeka za sayansi ndi zamatsenga. Izi ndi nkhani zija za maulendo opita kumwezi ndi kunyenyezi, za maloboti, za dziko la m'tsogolo, komanso za maufumu ongoganizira okhala ndi zinjoka ndi akatswiri a matsenga. Mwambowu unayambira ku America m'zaka za m'ma 1920, ndipo chimene chinaubala ndi kusowa wokamba naye. Nkhanizi zinkatuluka m'magazini a mapepala otchipa, aphunzitsi ankaziyesa zachibwana, ndipo ounika mabuku m'nyuzipepala zikuluzikulu sankazilabadira n'komwe. Wofuna kudziwa nkhani yabwino analibe womufunsa kupatula wowerenga mnzake, amene mwina ankakhala kutali kwambiri.

Mu Epulo 1926, Hugo Gernsback, mbadwa ya ku Luxembourg imene inakhazikika ku New York, anayambitsa Amazing Stories, magazini yoyamba yongotulutsa nkhani zopeka za sayansi zokhazokha. Chaka chotsatira anatsegula tsamba la makalata lotchedwa Discussions, ndipo m'kupita kwa nthawi makalatawo ankasindikizidwa pamodzi ndi adiresi ya wolemba. Chinthu chooneka chaching'onochi ndicho chinasintha zonse. Mnyamata amene ankadziona ngati ndi yekha m'tauni mwawo wokonda nkhani zotere ankatha kukopera adiresi, kugula sitampa, n'kulembera mlendo kumufunsa ngati wawerenga nkhani yakutiyakuti. Magazini ya Weird Tales, imene inayamba mu 1923 ndipo inkatulutsa nkhani zamatsenga ndi zoopsa, nayonso inali ndi tsamba lake lotchedwa The Eyrie, pamene owerenga ankatsutsana za zolemba za H. P. Lovecraft ndi Robert E. Howard.

Makalata atachuluka, owerenga anayamba kudzisindikizira timagazini tawo, timene pambuyo pake tinadziwika kuti fanzine. Koyamba kamene ambiri amatchula ndi The Comet, kamene kanatuluka ku Chicago mu Meyi 1930, ndipo mmodzi wa akonzi ake anali Raymond A. Palmer. Ntchito yake inali yathukuta. Osowa ndalama ankagwiritsa ntchito hectograph: ankalemba tsamba ndi inki yapepo, kuligoneka pa phala lolimba la jelatini m'thireyi kuti inkiyo itsalirepo, kenaka n'kumadindapo mapepala oyera limodzilimodzi mpaka zilembo zitazilala. Opezako bwino ankataipa pa sitensulo n'kupukusa pa makina, monga momwe masukulu ankapukusira mapepala a mayeso makina ojambula mapepala asanafale. Mtengo wa kamagazini nthawi zambiri sunali ndalama. Wolandira ankayembekezeredwa kubweza kalata ya ndemanga, nkhani yake, kapena kamagazini kake. Lamulo losalembedwali ndilo linalimbitsa mwambowu, chifukwa munthu sankaloledwa kungowerenga chete. Ankayenera kunenapo maganizo ake, ndipo anzake ankamuyankha.

Mu 1934 Gernsback anakhazikitsa bungwe la Science Fiction League kudzera m'magazini yake ina, Wonder Stories. Nthambi zake zinatsegulidwa m'mizinda yambiri, ndipo ya ku Los Angeles inasanduka kalabu yoima payokha imene Ray Bradbury ankapitako ali mnyamata. Ku England, owerenga ochepa, kuphatikizapo Arthur C. Clarke, anasonkhana ku Leeds mu Januwale 1937. Msonkhano woyamba wotchedwa wa dziko lonse, Worldcon, unachitikira ku New York mu Julayi 1939 ndipo kunafika anthu pafupifupi 200.

A ku Britain anali ndi vuto lawolawo. Magazini a ku America ankawafika mochedwa ndiponso mosatsata ndondomeko, ambiri mwa iwo otsala pa malonda, ndipo ankagulitsidwa motchipa m'masitolo a Woolworths. Munthu ankatha kupeza gawo lachiwiri la nkhani yopitirira popanda loyamba, choncho kubwerekana ndi kusinthana kunali kosapeweka. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, J. Michael Rosenblum wa ku Leeds anapitiriza kutumiza kamagazini kake, Futurian War Digest, kwa owerenga omwazikana. Nkhondo itatha, a ku London ankakumana Lachinayi madzulo pa malo omwera otchedwa White Horse, atanyamula mabuku ndi magazini oti asinthane.

Maganizo a owerenga sanathere m'macheza okha. John W. Campbell, mkonzi wa magazini ya Astounding, ankapempha owerenga kusanja nkhani za mwezi uliwonse kuyambira yowasangalatsa kwambiri, n'kumasindikiza zotsatira pa gawo lotchedwa Analytical Laboratory; pambuyo pake wolemba wopambana ankawonjezeredwa malipiro. Mu 1953, pa Worldcon ya ku Philadelphia, kunaperekedwa koyamba mphoto ya Hugo, imene amasankha ndi mamembala a msonkhanowo osati gulu la akatswiri. Buku loyamba kuilandira linali The Demolished Man la Alfred Bester. Buku la Dune la Frank Herbert, limene makampani osindikiza oposa 20 analikana lisanatuluke mu 1965, linalandira mphotoyi mu 1966. Magazini ya Locus, imene inayamba mu 1968 ngati kapepala ka owerenga, inayambitsa chisankho chake cha pachaka mu 1971.

Mphamvu ya kuuzana inaonekera poyera pa nkhani ya The Lord of the Rings. Bukuli linatuluka ku Britain mu 1954 ndi 1955, koma mu 1965 kampani ya Ace ku America inalisindikiza motchipa popanda chilolezo cha mlembi wake, J. R. R. Tolkien. Iye, poyankha makalata a omukonda a ku America, ankawadziwitsa za nkhaniyi ndi kuwapempha kuti auze anzawo. Uthenga unayenda m'makalabu ndi m'makoleji, anthu anayamba kugula lovomerezeka la kampani ya Ballantine, ndipo Ace inagonja n'kulipira wolembayo. Mkanganowo unalitchukitsa bukulo kwambiri pakati pa ophunzira.

Komabe mwambowu unali ndi chilema chachikulu. Kwa zaka zambiri okambiranawo ambiri anali amuna achizungu a ku America ndi Britain, ndipo buku limene iwo sanalitchule linkaiwalika msanga ngakhale likhale labwino. M'zaka za m'ma 1970 amayi anayamba kukonza zimenezi ndi zida zomwezo. Kamagazini ka Janus, kochokera ku Madison m'boma la Wisconsin, ndi msonkhano wa WisCon umene unayamba mumzinda womwewo mu 1977, zinaika patsogolo zolemba za amayi monga Ursula K. Le Guin ndi Joanna Russ.

Kubwera kwa intaneti kunachotsa mtengo wa sitampa ndi pepala, ndipo kukambirana kumene kunkatenga milungu kunayamba kutenga mphindi. Izi zinathandiza kwambiri owerenga a mu Africa, kumene mabuku oterewa amasowa m'masitolo. Ku South Africa kalabu ya Science Fiction South Africa inayamba kale mu 1969 ndipo imatulutsa magazini ya Probe. Ku Nigeria, magazini ya Omenana inayamba mu 2014. Bungwe la African Speculative Fiction Society linakhazikitsidwa mu 2016, ndipo kuyambira 2017 mamembala ake amasankha opambana mphoto ya Nommo. Ku Malawi, Shadreck Chikoti, mlembi wa Azotus the Kingdom, anayambitsa Story Club, bwalo limene olemba ndi owerenga amasonkhana kuwerengerana ndi kukambirana zolemba. Iye anatsogoleranso ntchito yotulutsa Imagine Africa 500, buku limene mkonzi wake anali Billy Kahora wa ku Kenya, ndipo muli nkhani za olemba a ku Malawi ndi maiko ena zoganizira Africa wa zaka 500 zikubwerazo.