Mikanda Idatsala M'chiuno

Omvera a ku Linthipe, ku Bembeke ndi kwina konse, nkhani ya lero ndi ya zovala zobisika za amayi a kumapiri a Dedza.

Kale, nsalu za amalonda zisanachuluke, mkazi ankavala nyanda yosulidwa kuchokera ku khungwa la mombo. Ulemerero wake weniweni unali pathupi pomwe: mphini zotema bwino ndi mikanda ya m'chiuno. Za mikandayo namwali ankazimva kwa anamkungwi, ndipo zina mwa zojambula za pamiyala ya Chongoni, zimene UNESCO idazilemekeza mu 2006, nzachinamwali chomwecho.

Amishoni ndi masitolo atafika, chifuwa chidaphimbidwa. Chilundu chidakwera mpaka m'khwapa, kenaka kudabwera bulauzi, pitikoti ndi kamisolo. Mu 1973 boma lidalowererapo ndi lamulo loletsa akazi buluku ndi siketi yosaphimba maondo. Lamulolo lidafafanizidwa mu 1993, ndipo kaunjika adadzaza misika ndi zamkati zotsika mtengo. Komabe mu 2012 mavenda a ku Lilongwe adavula amayi ovala mabuluku, ngati kuti lidakalipo.

Thupi nalonso lidaweruzidwa mosinthasintha. Kunenepa kunali umboni wakuti nkhokwe njodzaza ndipo mwamuna akusamala banja. Edzi itafala, kuwonda kudasanduka nkhani ya manong'onong'o pachitsime, ndipo ambiri osadwala adanenedwa pachabe. Lero atsikana ena akulakalaka thupi lowonda lomwelo, agogo awo nkumagwira pakamwa.

Koma mikanda, imene palibe lamulo lidaifikira, ikadavalidwabe kunsi kwa chitenje ndi buluku lomwe.