Katemera wa mayi, chitetezo cha khanda

Mayi woyembekezera akamayenda sikelo amalandira zinthu zingapo: neti, mapiritsi oonjezera magazi, Fansidar woteteza ku malungo, ndiponso jakisoni wa pamkono. Ambiri amangozitcha zonsezi mankhwala a kusikelo, koma jakisoni uja ali ndi ntchito yakeyake. Ndi katemera wa kafumbata, amene kale ankalembedwa kuti TTV m'buku la kuchipatala, ndipo tsopano amalembedwa Td chifukwa anamuphatikiza ndi wa diphtheria.

Kafumbata anthu sapatsirana. Tizilombo take, totchedwa Clostridium tetani, timakhala m'dothi, m'fumbi ndi m'ndowe, ndipo timalowera pabala. Bala la khanda ndi mchombo. Lezala yogwiritsidwa kale ntchito, kansalu kakuda komangira, kapena phulusa limene ena amapaka kuti mchombo ugwe msanga, zonsezi ndi khomo. Mwana amabadwa bwinobwino n'kumayamwa masiku awiri oyamba. Kenaka, kawirikawiri pakati pa tsiku la 3 ndi la 14, amasiya bere, nsagwada zimauma, timanja timafumbata, ndipo kaphokoso kakang'ono chabe kamachititsa thupi lonse kukokeka. Kumene kulibe chisamaliro chapamwamba, ambiri sapulumuka. Bungwe la WHO linayerekeza kuti mu 1988 makanda 787,000 anafa motere padziko lonse; pofika 2018 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 25,000.

Chimene chimapha ndi poizoni amene tizilomboti timatulutsa. Ndiye katemerayu amapangidwa kuchokera ku poizoni yemweyo atamuchotsa ukali, ndipo mulibe kachilombo kamoyo. Ichi n'chifukwa chake amaperekedwa kwa mayi wapakati popanda mantha, pamene wa chikuku ndi rubella, amene ali ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa, amadikira mayiyo abereke. Azamba ndi alangizi a zaumoyo ayenera kumafotokoza kusiyana kumeneku, chifukwa mayi amene wamva kuti katemera wina saloledwa kwa apakati akhoza kuopa onse.

Thupi la mayi likalandira katemera limapanga asilikali olimbana ndi poizoni uja. Asilikaliwo amadutsa pa nsengwa n'kulowa m'magazi a mwana, makamaka m'miyezi yomaliza ya mimba. Mwana amabadwa ndi chitetezo chobwereka. Sichikhalitsa, koma chimamufikitsa pa milungu 6, pamene amayamba kulandira Penta, katemera wake woyamba wa kafumbata. Masiku a m'chikuta, pamene ngozi ndi yaikulu, alibe china chodalira koma zimene mayi wake anamupatsa.

Apa ndi pamene kuyamba sikelo mochedwa kumapweteka. Mayi amene sanalandirepo amafunika majakisoni awiri pa mimba imeneyo, otalikirana milungu 4, ndipo wachiwiriyo abayidwe kusanatsale milungu iwiri kuti abereke. Wofika mimba ili pa miyezi 8 amakhala wadzipanikiza yekha. Jakisoni wachitatu amabwera pakatha miyezi 6, wachinayi pakatha chaka, wachisanu pakathanso chaka china. Awiri amateteza pafupifupi zaka 3, atatu zaka 5, anayi zaka 10, ndipo asanu amakwanira zaka zonse zobereka. Kuwerengaku sikuyambiranso ndi mimba iliyonse yatsopano, koma namwino sangadziwe pamene mayi analekezera ngati buku linatayika kapena linanyowa.

Malawi ali m'gulu la mayiko amene WHO inawatsimikiza kuti anagonjetsa kafumbata wa amayi ndi makanda. Kwa a zaumoyo, izi zimatanthauza kuti m'boma lililonse, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, wodwala safika ndi mmodzi yemwe pa chaka. Sizili ngati nthomba, imene inalengezedwa mu 1980 kuti yatheratu. Nthomba inkakhala mwa anthu okha, pamene tizilombo ta kafumbata tidakali m'munda ndi m'khola, ndipo mayi mmodzi wosatemeredwa akaberekera panjira yopita kuchipatala, mwana wake ali pangozi yomwe ija ya kale.